Mwamuna wa Chitenje Amene Anandisunga pa Chikamwini

Ana inu, ikani mafoniwo pansi. Iwe Dalitso, ndinakumva dzulo ukuuza mlongo wako Mwatitha kuti agogo akuonera Mmwenye wonenepa wovala chitenje. Sindinakuyankhe chifukwa ndewu ya mu filimu inali itangoyamba. Lero ndikuyankha. Munthu ameneyo usamuseke. Ku Chadiza kuno sanapondeko, sadziwanso kuti padziko pali malo otchedwa Zingalume, koma anandisunga pa chikamwini nthawi yaitali kuposa mwamuna aliyense wa msinkhu wanga.

Dzina lake lenileni ndimalidziwa, koma lilime langa linalikana kalekale. Ife tinkangoti Achitenje. Inunso muzitero.

Ndinamudziwira kusekondale. Masiku amenewo masukulu anali ndi aphunzitsi ochokera ku India, ndipo wa masamu wathu anali a Kuriyani, munthu wamfupi, wakuda pafupifupi ngati ine, wochokera kudera lotchedwa Kerala. M'kalasi ankaopsa. Loweruka masana ankasanduka munthu. Ankaitanira kunyumba kwawo ife amene takhoza mayeso a sabata imeneyo, n'kutipatsa chinangwa chophika ndi nsomba za tsabola woti ukadya makutu amalira. Kenako ankayatsa deki. Deki, Mwatitha, ndi bokosi lomwe linkameza tepi yaikulu ngati njerwa n'kutulutsa zithunzi pa tivi. Masamu ndinawalimbikira chifukwa cha chinangwa chimenecho. Kuwakonda sindinawakondepo.

Tsiku loyamba kumuona pa tivi, Achitenje anali mnyamata woonda, wa tsitsi lambiri, ndipo anali munthu woipa. Ntchito yake inali kuvutitsa mkazi wa mwini, kenako kumenyedwa kumapeto. A Kuriyani anaimitsa tepi n'kumuloza ndi chala.

"Uyu mumuyang'anitsitse," anatero. "Lero akumenyedwa, koma kwathu anthu ayamba kale kupita kukaona iyeyu mmene akugwera, osati amene akumumenyayo."

Sananame. Matepi ankabwera ndi abale awo, ndipo tepi iliyonse mnyamata uja ankakwera. Anasiya kumenyedwa, n'kuyamba kumenya. Ndevu za pamlomo zinakhwima, masaya anadzaza. Lero ndi wophunzira wosowa ntchito, mawa ndi dalaivala, mkuja ndi wapolisi, kenako chidakwa chogona m'ngalande. Ankatha kukusekesa mpaka nthiti kuwawa, ndipo usanapukute misozi ya kuseka, yachisoni yatulukira pomwepo. A Kuriyani ankati kwawo kuli akuluakulu awiri a mafilimu, ndipo anthu amagawikana ngati otsatira mpira. Iwo anali a uyu. Akazi awo anali a winayo, choncho matepi a winayo ankakhala kuchipinda ndipo sitinawaonepo.

Za chitenje, amuna a kumeneko amavaladi nsalu, kawirikawiri yoyera, yofika kumapazi. Poyamba tinaseka ngati mmene unasekera iwe. Koma munthuyu akapsa mtima ankagwira m'mphepete mwa nsaluyo, kuipinda mpaka m'mawondo, kuimanga m'chiuno, n'kupotokola ndevu ndi zala ziwiri. Akatero unkadziwa kuti wina agona kuchipatala. Tinasiya kuseka.

Chiyankhulo chawo amati Chimalayalamu. Chimathamanga ngati nsawa zikukhuthulidwa m'dengu, ndipo pa matepi aja panalibe mawu olembedwa pansi. A Kuriyani ndiwo ankatiuza amene akunena chiyani. Ine ndinkasunga. Anzanga ankadikira ndewu zokha.

Nthawi yawo yobwerera kwawo itakwana, ine ndinali nditamaliza sukulu, ndikugwira ntchito yoyeza thonje pamsika nyengo yokolola yokha. Ndinapita kukatsanzika. Firiji inali itapita ndi aphunzitsi ena, mipando ndi ena. Panatsala deki ndi katoni ya matepi amene palibe ankawafuna.

"Tenga," anatero a Kuriyani. "Masamu wawaiwala kale, ndikudziwa. Izi zokha ndi zimene zinakulowa."

Ndinakwatira agogo anu aakazi, Esinati, ndipo katoni ija inapita nane ku Zingalume.

Chikamwini inu simuchidziwa, munabadwira paboma. Mwamuna ukakwatira unkasamukira kwa mkazi. Unkamanga nyumba pamene akulozera, kulima munda wa apongozi usanakhudze wako, kufolera nkhokwe, kukonza khola. Ukaonetsa khalidwe, ana n'kubadwa, nkhoswe yako inkapita kukapempha chitengwa, ndiko kuti utenge mkazi upite naye kwanu kapena kumene wapeza pokhala. Ambiri ankaloledwa pakapita zokolola zingapo.

Ndiye panali nkhani ya apongozi aakazi. Mayi wa mkazi wako sunkamuyang'ana kumaso, sunkakhala naye pafupi, sunkadya iye akuona. Mawu onse ankadzera mwa munthu wina. Mukakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Ine ndinalowapo m'chitedze pothawa a Nambewe, amayi a agogo anu, ndipo ndinadzikanda mpaka dzuwa kupendeka popanda wondipepesa. Masiku ano ndimaona bambo anu akutumizirana tizithunzi toseketsa pafoni ndi apongozi awo. Dziko latha.

A Nambewe anali mayi wamasiye, wamtali, wosachedwa ndi nthabwala. Ankakoka fodya wa m'mphuno, ndipo munda wawo wa thonje unali wosalala ngati bwalo. Akamwini ena onse a m'mudzimo ankandimvera chisoni.

Kumudzi kunalibe magetsi. Ndinapeza kativi kakang'ono, batire la galimoto, ndi kabokosi kosandutsa moto wa batire kuti deki ithe kudya. Batirelo ndinkalimangirira pa njinga kupita nalo kuboma kukatchajitsa. Asidi wake anandiboolera mathalauza onse, mpaka anthu ankandizindikira ndi kumbuyo. Tepi ikatha sitinkaibweza ndi deki, kuopa kutha moto. Tinkalowetsa kamtengo pabowo n'kumapukusa ndi dzanja. Inu mukangodikira pang'ono kuti kanema atseguke mumayamba kudandaula za netiweki. Ife tinkapukusa.

Tinkaonera Lamulungu masana, anthu akabwera kutchalitchi. Mawindo tinkatseka ndi masaka. Amuna ankadzaza nyumba, ine n'kukhala pambali pa tivi kumayankhulira aliyense wotsegula pakamwa: Achitenje, apolisi, akuba, ndi akazi omwe. Pamene ndaiwala zimene a Kuriyani ananena, ndinkasoka chigamba. Palibe anadandaulapo.

Pasanapite nthawi Esinati anandipeza ndikusula khasu.

"Amayi akuti akufuna kuona mwamuna wovala chitenje."

"Aonere. Ndiyatsa n'kutuluka."

Ndinachitadi zimenezo. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango. Posakhalitsa Esinati anabweranso.

"Akuti anthuwo angotsegula pakamwa ngati nsomba. Akufuna ndi mawu omwe."

"Mawuwo ali mwa ine. Ndilowa bwanji mmene muli amayi?"

Nkhaniyi inafika kwa atsibweni a Esinati, a Zakeyu, mlongo wawo wa a Nambewe, amene ankayang'anira mbumba yonse. Anali munthu wa ng'ombe ziwiri ndi mawu ambiri. Anaganiza, anazungulira nyumba, n'kulamula kuti pamtanda wa denga pamangidwe mphasa, igawe chipinda pakati. Amuna uku, akazi uko, tivi kutsogolo pamene onse akuiona. Ine ndiziyang'ana khoma. Esinati akhale m'mphepete mwa mphasa kuti azinyamula mawu.

"Mwambo sunathyoke," anatero a Zakeyu. "Tangoupinda pang'ono ngati chitenje cha mnzanuyo."

Ndiye zinkayenda chonchi, paja mwa mwambo a Nambewe nawonso ankanditchula ine kuti apongozi. Apongozi ali pafupi moti ndikumva akukoka fodya, koma ankati:

"Esinati, afunse apongozi, mayi uyo akuliriranji?"

"Akuti mayi uyo akuliriranji?"

"Auzeni amayi kuti mwana wake wamangidwa pa mlandu wa wina."

"Akuti mwana wake..."

"Ndamva, sindine gonthi." Kenako, atakumbukira: "Esinati, auze kuti ndamva."

Vuto lalikulu linali nyimbo. M'mafilimu amenewa mwamuna akakonda mkazi sapita kwa ankhoswe. Amathamangitsana paphiri, mvula ikugwa, zovala zitamatirira thupi, n'kumazungulira mtengo wa kokonati ngati ataya kanthu. Tseka makutu pang'ono, Mwatitha. Ine ndikanena chiyani, apongozi ali kuseri kwa mphasa? Tsiku loyamba ndinakhosomola, n'kunena kuti:

"Auzeni amayi kuti apa akupempherera mbewu."

Ndinamva kabotolo ka fodya kakutsegulidwa.

"Esinati, auze apongozi kuti mapemphero amenewo ndimawadziwa. Iwe unabadwa chifukwa cha omwewo."

Amuna anagwerana. A Zakeyu anatuluka panja akutsokomola, ndipo sanabwerenso mpaka nyimbo itatha.

Musaganize kuti a Nambewe ankapusitsika. Munthu wokulira m'mudzi wa magule safunika kuuzidwa kuti sewero n'chiyani. Achitenje akafa kumapeto, amayi ena ankalira, koma iwo ankangoti, "Adzuka Lamulungu likudzali." Komabe ankamutsata ngati mwana wa mnansi amene anapita kukagwira ntchito kumigodi. Akamuona ndi mkazi wina pa tepi ina, ankafunsa kuti akazi onsewa amawasunga kuti. Mimba itayamba kutsogola anati, "Wayamba kudya bwino." Akamwa mowa ankakwiya.

"Esinati, auze apongozi amuuze asiye kachasu. Ali ndi ana."

Chimene chinawagwira mtima n'chakuti mwamuna wamkulu chotere, womenya anthu msika wonse, akafika kunyumba ankakhala pansi pamapazi a mayi wake n'kumalira, mayiyo akumudyetsa mpunga ndi dzanja. "Mwana woleredwa," ankatero. Alamu anga ankangoyang'ana pansi.

Matepi a m'katoni titawabwereza mpaka zithunzi kuyamba kunjenjemera, ndinakwera basi ya ku Chipata kukafuna ena. Ndinalowa m'sitolo ya Amwenye, ndili ndi tepi m'manja, n'kupempha kuti andiuzeko nkhani yake. Mwini sitolo anaitembenuza, anaitana mkazi wake, onse n'kuseka. Anati chiyankhulo chimenechi iwonso sachimva, ndi cha anthu a kumwera kwenikweni. Ndinadabwa. Ndinkaganiza kuti India ndi mudzi umodzi waukulu. Koma anandilozera kwa kalaliki wina wa kukampani ya thonje, wa ku Kerala komweko, ndipo iyeyo anasangalala ngati wapeza mbale wake. Ankandibwereka matepi atsopano. Nthawi yondifotokozera nkhani analibe. Kuyambira pamenepo zigamba zinachuluka kuposa nsalu.

Masiku ano foni imalemba mawu pansi, ndipo ndabwereza ena mwa mafilimu akale aja. Ina imene ndinkauza anthu kuti ndi ya mlandu wa malire a munda, ndapeza kuti inali ya munthu wodwala misala. Ndinaionera mpaka kumapeto. Yanga inali bwino.

Nyengo zinkasinthana. Tinkalima, kupalira, kutola thonje, kukumba nsawa. Achitenje nayenso anakula. Anayamba kukhala bambo wa ana, bwana wa minda, munthu wa imvi m'mbali mwa makutu, ngakhale kupinda chitenje sanasiye. Bambo anu anabadwa, anayenda, anayamba kuthamangitsa mbuzi. Azakhali anu anabadwa. Amuna amene anandipeza pa chikamwini anatenga akazi awo n'kupita, ine ndikuwathandiza kukweza katundu pangolo.

Nkhoswe yanga inapita kukapempha chitengwa. Yankho linali lakuti nkhokwe ya apongozi yapendama. Ndinaiwongola. Chaka china anati ana akadali aang'ono. Chaka china anati m'mudzi mwachitika maliro, si nthawi yosamuka. Nkhoswe inatopa, inayamba kudutsa njira ina ikandiona.

Kenako kunabwera ntchito. Paboma pankafunika munthu wosunga katundu padepoti, ntchito ya chaka chonse, ya nyumba yake ya malata pomwepo. Kwa munthu woyeza thonje miyezi yokolola yokha, ntchito yotere imabwera kamodzi. Bwana wake anandiuza mosabisa kuti akufuna munthu wa banja wogona pamalopo, ndipo ngati msika wa thonje utsegulidwe ndisanalowe m'nyumbamo, pali wina wa ku Zemba amene wamanga kale katundu. Kupita ndekha, kusiya Esinati ndi ana, sindikanatha. Kumudzi mwamuna akatero anthu amadziwa kuti ukwati watha, kwangotsala kulengeza.

Ndinakapeza a Zakeyu kudimba, akuthirira repu.

"Atsibweni, ndalakwa chiyani? Munda ndimalima. Mowa sindimwa. Mwana wanu sindinamuloze n'chala."

Anaika pansi chitini chothirira.

"Akamwini, khasu lanu palibe akulidandaula. Vuto ndi pakamwa panu."

"Ndinatukwana ndani?"

"Simunatukwane. Mukachoka inu, Achitenje ayankhula bwanji?"

Ndinakhala pamzere wa repu. Zaka zonsezo ndinkawongola nkhokwe, osadziwa kuti chingwe chondimanga ndimachipota ndekha Lamulungu lililonse.

Ndinayamba ndi njira yophweka. Ndinatumiza mawu kuti deki, tivi, batire ndi matepi onse ndisiya. Yankho linabwera tsiku lomwelo: bokosi lopanda pakamwa alisungiremo nyemba?

Ndiye tinagwirizana kuti a Zakeyu aphunzire ntchito. Ndinawakhazika pambali pa tivi. Munthu uja chilichonse ankachiona ngati mlandu wa ng'ombe. Achitenje akukangana ndi wapolisi, akuti wamubera ng'ombe. Mtsikana akulira pawindo, akuti ng'ombe ya bambo ake yadwala. Panafika ukwati, anthu atavala maluwa m'khosi, akuti akukondwerera kuti ng'ombe ija yapezeka.

"Zakeyu," anatero mawu kuseri kwa mphasa, "chiyambireni sindinaone ng'ombe ngakhale imodzi. Choka pamenepo."

Ndinayesa kudwala. Ndinauza Esinati kuti pakhosi patsekeka, ndizingonong'ona. Ndinkati mwina akazolowera kukhala opanda filimu aiwala. M'mawa mwake kunabwera mizu yowawa yoti ndizitafuna, uchi m'kabotolo, ndi nkhuku yophika. Nkhuku ya apongozi sungaibweze. Ndinadya. Munthu wadya nkhuku yonse sangapitirize kunong'ona.

Apa n'kuti thonje likutha kutoledwa m'minda, ndipo anthu akukonza masikelo. Wa ku Zemba uja ndinamuona ndi maso anga akuzungulira nyumba ya padepoti, akuyeza mawindo ndi dzanja.

Sabata imeneyo kalaliki wa ku Chipata anandipatsa tepi yatsopano. Ndinaionera ndekha kaye pang'ono. Achitenje akukhala m'nyumba yaikulu yakale ndi mayi wina wokalamba wa tsitsi loyera. Iye akufuna kupita kwinakwake, wanyamula chikwama, mayiyo akukana. Akukangana, akulira, chikwama chikubwerera m'nyumba. Nkhani yake yeniyeni sindinkaidziwa. Koma ndinaona kuti Mulungu wandipatsa nkhoswe yatsopano, yomwe apongozi sangaibweze.

Lamulungu nyumba inadzaza. Ndinayang'ana khoma n'kuyamba.

"Auzeni amayi kuti lero Achitenje ndi mkamwini. Mayi wa imviyo ndi mpongozi wake."

Ndinalimba mtima. Achitenje atagwada ndi chikwama chake, ndinamupatsa mawu abwino kwambiri amene ndinali nawo.

"Akuti, amayi, ndakhala pano zaka zambiri. Ndalima. Ndapalira. Anzanga onse anapita. Kutauni kwapezeka ntchito, ndipo ndikachedwa atenga wina."

Mayi wa imvi anayankha mokalipa, akugwedeza chala.

"Akuti, ayi, ana akadali aang'ono."

Mwamuna wina kumbuyo anatsokomola. Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa pakatenthedwa sipamva. Achitenje anaimirira, misozi ili mbwembwembwe, n'kuloza kunja.

"Akuti, nanga nkhokwe ija sindinaiwongole?"

Pa tivi panalibe nkhokwe. Ankaloza mtsinje.

Mphasa inagwedezeka. Ndinaona zala zikugwira m'munsi mwake, kenako inakwera. Ana inu, ndinali nditakhala m'mudzi umenewo mpaka ana kukula, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti a Nambewe ali ndi mphini m'masaya. Zaka zonsezo ndinkadziwa mapazi awo okha.

"Apongozi," anatero. Sanadzere mwa Esinati. "Imitsani."

Ndinaimitsa. Achitenje anauma pa tivi, pakamwa pali yasa. Amuna amene anali pafupi ndi chitseko anayamba kukumbukira kuti mbuzi zawo sizinamwe madzi.

"Mayi uyo ndi mayi wake womubereka. Ndamuona m'matepi ambirimbiri akumudyetsa ndi dzanja, akumupaka mafuta kumutu. Wasanduka liti mpongozi?"

Ndinkayang'ana bowo la pa thalauza langa.

"Munatuma nkhoswe. Munatuma Zakeyu ndi ng'ombe zake. Munadwala pakhosi, nkhuku yanga n'kupita. Lero mwatuma mwana wa eni, wa kutsidya kwa nyanja, amene sanakulakwireni kanthu. Lamulungu lililonse mumayankhulira apolisi, akuba, ndi atsikana ovina pamvula. Za inu nokha pakamwa mulibe?"

"Mlongo wanga," anayamba a Zakeyu, "mwambo..."

"Mwambo ndaugwira m'manja uwu, ndipo ukulemera. Khala chete, Zakeyu. Apongozi, nenani msanga, mkono ukuwawa."

Ndinatsika pampando. Ndinagwada, n'kuomba m'manja. Munthu amene ndinkatha kuyankhula filimu yonse osamwa madzi, mawu anandithawa. Amene anatsala ndi awa:

"Amayi, ndapeza ntchito kuboma. Ndikupempha Esinati ndi ana."

"Basi?"

"Basi."

"Timawu tochepa chonchi ndi timene mwazungulira nato zaka zonsezi?"

Anasiya mphasa, inagwa. Ndinatsala chogwada, ndikuyang'ana bango. Ndinamva fodya akukokedwa, mbali iyi, kenako mbali inayo. Esinati ankapuma ngati wathamanga.

"Esinati, auze apongozi ayatse. Ndipo anene zoona."

Zoona sindinkazidziwa, koma ndinayesetsa. Ndinabweza mayi uja kukhala mayi, nkhokwe ndinaichotsa. Pamapeto Achitenje anapinda chitenje, anamenya anthu ena amene mpaka lero sindidziwa chimene analakwa, filimu n'kutha. Anthu otsala anatuluka mwakachetechete ngati akuchokera kumanda. Za pempho langa panalibe mawu. Ndinayamba kuchotsa masaka m'mawindo, mtima uli kwa munthu wa ku Zemba uja.

Apongozi atafika pakhomo anaima, atafulatira.

"Esinati, auze apongozi akabwereke ngolo kwa Zakeyu. Lachisanu."

Lachisanu ndinadzuka mbalame zisanayambe phokoso. Tinakweza bedi, mapoto, matumba a chimanga, nkhuku m'chitatanga. Ndinalowa m'nyumba komaliza kukaona ngati tasiya kanthu. Deki ndi matepi ndinali nditaziika pakona kuti zitsale, monga ndinalonjezera. Pakona panalibe kanthu.

Nditatuluka ndinapeza a Nambewe ali pamwamba pa ngolo, pa thumba la chimanga, atavala duku la kutchalitchi. Katoni ya matepi inali pamiyendo pawo. Pambali panali mtolo wa zovala, mtondo wawo, ndi khasu.

A Zakeyu anabwera akuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Nambewe, tsika! Anthu akuona! Unamvapo kuti mpongozi wapita ku chitengwa?"

"Umva lero."

"Nanga munda? Nanga nyumba?"

"Thonje latoledwa. Nyumba usungiremo ng'ombe zako, umazikonda."

Ndinayang'ana Esinati. Anali kalikiliki kumanga mwana kumbuyo, mwana amene anali atamangidwa kale. Ndinadziwa kuti ameneyu wakhala akudziwa kuyambira Lamulungu. Popeza tsopano tinali titayankhulana kamodzi, ndinayandikira ngolo, maso ali pa tayala.

"Amayi, mutiperekeza mpaka pati?"

"Mpaka pamene mukafike."

"Nanga kubwerera?"

"Munapempha mwana wanga, ndakupatsani. Ndinanena kuti ine nditsala? Menyani ng'ombe, apongozi, dzuwa likukwera."

Tinafika paboma masana, wa ku Zemba uja ataima pamsewu kutiyang'ana. Ntchito ndinaipeza, ndipo ndi imene inaphunzitsa bambo anu. Nyumba ya malata ndinalowamo. Inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Chipindacho anatenga a Nambewe, ndipo anakhala nafe mpaka tsiku lawo lomaliza.

M'mawa mwake ndinavala malaya oyera, tsiku langa loyamba kukhala munthu wa pa ine ndekha. Ndikutuluka, ndinawapeza ataima kuseri kwa nyumba, akuyang'ana kamalo ka udzu pafupi ndi mpanda. Anandipatsa khasu lija.

"Mukaweruka muyambire apa," anatero. "Ndikufuna mizere ya mbatata mvula isanagwe."